Malo a agogo kunyanja: tikonze bwanji kuti mvula isatibalalitsenso pa Khirisimasi?

Kalata yomwe ndalandira ikuti:

"Zikomo bambo. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe. Agogo athu aakazi anatisiyira malo m'boma la Salima, pafupi ndi nyanja. Palibe zambiri pamalopo: kanyumba kamodzi ka malata momwe amakhala msuweni wathu, mitengo ya mango, ndi chimbudzi chimodzi chakalekale. Chaka chilichonse mbumba yonse timakumana pamenepo kuyambira pa 24 mpaka pa 27 Disembala, timagona m'matenti ndi m'misasa. Chaka chatha zinativuta. Mvula inagwa usiku wa pa 25, madzi analowa m'matenti, matilesi onse ananyowa, ana anayi anatsekula m'mimba, ndipo mwana wa achimwene anga atabwerera ku Johannesburg anagonekedwa m'chipatala ndi malungo. Ena akuti tisiye, tizingolipira malo ogona alendo. A malume akana, ndipo chaka chino udindo wokonza aupereka kwa ine. Tidzakhalapo anthu pafupifupi 45. Ndiyambire pati?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zonse mwatchulazi zimapeweka, ndipo ndalama zake sizingafike pa zomwe mungalipire anthu 45 ku loji masiku anayi. Ine ndili kumbali ya a malume anu. Malo a makolo amene ana amagonapo, kudyerapo ndi kusewerapo chaka ndi chaka sachedwa kukhala kwawo m'mitima mwawo, pomwe malo amene anthu amangowatchula pakamwa amathera m'manja mwa ena. Ndakhala ndikukonza misasa ya achinyamata a mpingo ndi ya ana asukulu m'mbali mwa nyanja kwa zaka zoposa 20, ndipo chimene ndaona n'chakuti mabanja ambiri amakonzekera Khirisimasi ngati kuti imagwa m'chilimwe. Msonkhano woyamba umakhala wa mbuzi, mpunga, zakumwa ndi sipika. Koma Khirisimasi yathu imagwa m'dzinja. Kunyowa kwa matilesi, kutsekula m'mimba kwa ana ndi malungo a mwana wa achimwene anu uja, zonsezi gwero lake ndi madzi: madzi amvula amene sanapatsidwe njira, madzi akumwa amene sanatetezedwe, ndi madzi odikha momwe udzudzu umaswana. Ndalama yoyamba kulowa m'thumba la banja ipite kumeneko, mbuzi idikire.

Musakonze malowa muli ku Lilongwe pa foni. Pitani nokha kawiri. Ulendo woyamba ukhale wa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, nthaka ikadali youma, anthu a m'mudzi asanatanganidwe ndi minda. Wachiwiri ukhale mvula yoyamba yamphamvu itangogwa, nthawi zambiri kumapeto kwa Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala. Ngati ntchito sikulolani, msuweni wanu atuluke mvula ili mkati, ajambule ndi foni mmene madzi akuyendera pabwalo, akutumizireni pa WhatsApp. Kavidiyo ka mphindi ziwiri kameneko kadzakuuzani zambiri kuposa ine.

Ndikutero chifukwa ndinapwetekapo nazo. Msasa wina wa m'zaka zanga zoyambirira ndinaumanga pamalo osalala bwino, a kapinga wobiriwira, pomwe pena ponse panali pouma. Agogo ena a m'mudzimo anandiuza kuti, "Mwana wanga, pamenepa sipagonedwa," ine ndinaona ngati akunena zamiyambo. Cha m'ma 2 koloko usiku tinadzutsa ana oposa 60 madzi ali m'akakolo, ena akulira, mabuku ndi zofunda zikuyandama. Kapinga uja anali wobiriwira chifukwa pamenepo ndi pomwe madzi ankadutsa chaka chilichonse. Madzi saiwala khwawa. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafika pamalo ndimayamba ndafunsa munthu wamkulu kwambiri amene wakhalapo nthawi yaitali kuti andiyendetse, andilozere pomwe madzi amadutsa ndi pomwe amaima.

Ndiye mukamasankha pogona, yang'anani pokwererapo pang'ono, pa dothi la mchenga lomwe limamwa madzi msanga. Pewani dothi lakuda la makande lija limang'aluka m'chilimwe: likanyowa limamata ngati phala, galimoto imatitimira, ndipo siliuma mpaka mutanyamuka. Malo aliwonse odzaikapo tenti awunjikireni dothi kuti akwere ngati chikhato chimodzi kapena ziwiri, atsendereni, muwasiye mvula yoyamba iwalimbitse. Kumtunda kwa matenti onse kumbani ngalande imodzi yopingasa, yakuya kufika pakati pa mwendo, yoti ilandire madzi ochokera kumtunda ndi kuwapititsa kumbali. Ngalande imodzi yaikuluyi imagwira ntchito kuposa timingalande tozungulira tenti iliyonse. Ingosamalani kuti isakathire madziwo m'munda kapena pakhomo pa mnansi, chifukwa mlandu wake udzakupezani kwa amfumu.

Pansi pa tenti yalani pepala la pulasitiki lakuda lija amafolerera nyumba, koma lipindeni kuti lisatulukire kunja kwa tenti. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa. Pepala likasuzumira kunja limatola madzi otsika padenga n'kuwalowetsa pansi pa matilesi, ndipo ndikuganiza kuti chaka chatha zina zinachitika motero. Matenti otchipa a m'misika ambiri sapirira mvula ya kunyanja, choncho pamwamba pake mangani lona wopendekeka, wosakhudza tentiyo. Zikhomo zazing'ono zachitsulo zimene zimabwera ndi tenti sizigwira mumchenga. Semani zikhomo zamtengo zazitali ngati mkono, kapena mangani chingwe ku thumba lodzaza mchenga n'kulikwirira. Nthawi ya mvula kunyanja kumaomba mpoto, ndipo mphepo imene imatsogolera mvula ya mabingu imabwera mwadzidzidzi, moti khomo la tenti lisaloze kunyanja.

Pali china cha nyanjayi chimene alendo a mu Disembala amanyengeka nacho. Mwezi umenewu nyanja imakhala itaphwera, mchenga uli wotakasuka, ndipo madzi amadzafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi. Mu 2024 tonse tinaona madzi atalowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Chilichonse chokhalitsa chimene mumange, kaya chimbudzi, kaya chisakasa, chikhale kumtunda kwa pomwe madzi anafika chaka chimenecho. Anthu a m'mudzi akuidziwa bwino malire ake.

Za mitengo ndinenepo pang'ono. Mthunzi wa mango ndi wabwino masana, koma osati pogona. Disembala ndi nthawi yake ya mango, amagwa usiku wonse, amaitana ntchentche ndi mavu, ndipo nthambi yolemedwa ndi zipatso imathyoka mphepo ikaomba. Bulugama amagwetsa nthambi popanda chenjezo. Ngati pali mtengo wa nsangu, musauwerengere pa mthunzi, chifukwa umayoyola masamba m'dzinja pomwe inzake ikuphuka. Nthambi zouma zonse zidulidwe mu Okutobala, zidzakhala nkhuni zanu.

Chinthu chimodzi chimene ndingakulimbikitseni kumanga chaka chino ndi chisakasa chachikulu, chonga chigafa cha fodya, choti anthu onse akhoza kukhalamo mvula ikamagwa. Mbumba imabalalika pamene aliyense wathawira mu tenti yake n'kukhala maola anayi akungomvera mvula. Pakakhala denga limodzi, mvula imasanduka nthawi ya nthano, bawo ndi nyimbo. Ngati mukufuna cha udzu, dziwani kuti udzu wofolera umamwetedwa m'miyezi yozizira, pofika Okutobala wambiri umakhala utapsa ndi moto wolusa ndipo wotsalawo umakwera mtengo. Mukachedwa, gulani malata ochepa chaka chino, ena chaka chamawa. Khitchini ikhale ndi denga lakelake, kumbali yoti utsi usamapite kogona, ndipo nkhuni ziunjikidwe pa thandala lofoleredwa mvula isanayambe. Kuphikira anthu 45 ndi nkhuni zonyowa kumakhumudwitsa amayi kuposa china chilichonse, ndipo nthawi zambiri mikangano ya pa zikondwerero imayambira kukhitchini.

Tsopano chimbudzi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe pagona moyo wa ana anu. Chimbudzi chimodzi chakale sichingakwane anthu 45. Mzere ukatalika m'mawa, ana amapita kuseri kwa tchire, mvula n'kukokolola zonsezo kupita nazo pabwalo pomwe akusewera ndi kunyanja komwe mukutsuka mbale. Muyezo umene mabungwe othandiza anthu pa misasa amatsata ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20. Inu mukufunika zitatu: cha abambo, cha amayi, ndi chachitatu chapafupi, cha agogo ndi ana, chokhala ndi pokhalira ndi mtengo wogwirira. Kulekanitsa kumeneku sikungothandiza pa ukhondo pokha. Mkamwini sangaime pamzere umodzi ndi apongozi ake, ndipo akachita manyazi amalowera kutchire. Mabafa nawonso akhale awiri, makomo ake osapenyana.

Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndipo chikhale kumunsi kwake, osati kumtunda. M'mbali mwa nyanja muli mavuto awiri: mchenga umagumuka, ndiponso madzi a pansi ali pafupi. Dzenje lokumbidwa mumchenga popanda kumangira limatha kugwa mvula ikalowa, nthawi zina munthu ali momwemo. Limangireni ndi njerwa kuyambira pansi, kapena lowetsanimo nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi monga amachitira anthu a kunyanja, ndipo likhale lozungulira chifukwa lozungulira limalimba kuposa la ngodya zinayi. Ngati okumba apeza chinyezi asanafike patali, asapitirire: ndi bwino dzenje likhale losaya koma mulikweze pamwamba ndi njerwa ndi dothi. Chakale chija chiyang'aneni bwino mitengo yake ya pansi, chiswe chimadya mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Pabowo pakhale chivundikiro chokhala ndi chogwirira, pambali chitini cha phulusa, ndipo panja mpondagiya ndi sopo womangirira pa chingwe. Mpondagiya wina akhale pakhomo pa khitchini. Ana a m'tauni amaukonda, amasamba m'manja mosauzidwa.

Sindikunena izi mongoopseza. Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Matendawa amakonda nyengo ya mvula ndiponso pamene anthu ochokera kosiyanasiyana asonkhana n'kumadyera pamodzi, zomwe ndi ndendende zimene mudzachite inuyo.

Madzi akumwa tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi amafuna malita osachepera 15 pa tsiku pa kumwa, kuphika ndi kusamba m'manja ndi m'thupi mopepuka. Anthu 45 ndiye kuti malita 675, kapena zigubu 34 za malita 20 tsiku lililonse. Nambala imeneyi ikuuzeni kuti ntchitoyi si ya atsikana awiri a pabanja. Pezani migolo itatu kapena inayi ya malita 200, lembani ganyu anyamata a kabaza kapena ngolo kuti azidzaza m'mawa ndi madzulo, ndipo kambiranani ndi komiti ya mjigo nthawi ikadalipo. Perekani kangachepe ku thumba lokonzetsera mjigowo, ndipo gwirizanani maola otunga kuti musatsekereze eni mudzi. Funsaninso ngati mjigowo wakhala ukuwonongeka, mudziwiretu wina wapafupi.

Madzi onse akumwa, ngakhale a pa mjigo, athiridwe mankhwala, chifukwa nthawi zambiri amaipira m'chigubu ndi m'manja, osati pansi pa nthaka. Gwiritsani ntchito WaterGuard motsata zolembedwa pa botolo, kapena kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati palibe mankhwala, wiritsani mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Ndowa ya madzi akumwa ikhale ya kampopi ndi chivundikiro, pasakhale kuviika kapu. Thobwa nalo lisungunulidwe ndi madzi otetezedwa omwewo, ndipo mbale zitsukidwe kumtunda, osati m'nyanja, ziume pa thandala. Ndi bwino kusiyanso chizolowezi choti anthu khumi asambe m'manja m'beseni limodzi: wina azithira, madzi azigwera pansi.

Mlangizi wa zaumoyo wa deralo mupezeni pa ulendo wanu woyamba. Ndiye akudziwa ngati kuli kolera m'midzi yapafupi, ndi chipatala chiti chimatsegula pa tchuthi, ndiponso akhoza kukuonerani pokumba zimbudzi. Tengani nambala yake. Mwana akayamba kutsekula m'mimba, m'patseni Thanzi ORS nthawi yomweyo, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Ikatha, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Koma ngati chimbudzi chili chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, kapena muli magazi, kapena mwana akusanza chilichonse, maso alowa, walefuka, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala akumwa ORS m'njira. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa.

Malungo a mwana wa achimwene anu uja sanandidabwitse. Kunyanja kumatentha ndipo udzudzu ndi wochuluka kuposa ku Lilongwe, ndiye mwana wokulira ku Johannesburg kapena ku Britain thupi lake silinakumanepo ndi malungo. Ngakhale makolo ake amene anabadwira kuno, akakhala kunja zaka zingapo chitetezo chija chimatha. Auzeni onse ochokera kunja kuti akaonane ndi dokotala kwawoko asananyamuke, awapatse mankhwala opewera malungo, chifukwa amayamba kumwedwa ulendo usanayambe ndipo amapitirizidwa atabwerera. Chinanso chofunika kwambiri: malungo saonekera tsiku lomwe udzudzu waluma, amatenga sabata imodzi, ziwiri, nthawi zina kuposerapo. Aliyense amene watentha thupi atabwerera auze dokotala mosabisa kuti anali ku Malawi kunyanja ndipo apemphe kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Madokotala a kunja amatha kuganiza kuti ndi chimfine, ndipo masiku awiri otayika pamenepo ndi amene amagonetsa mwana m'chipatala.

Pamalopo, aliyense agone mu neti, ngakhale mu tenti, pokhapokha ngati tentiyo ili ndi sefa wosang'ambika ndipo zipi yake ikutseka bwino. M'misasa ya udzu ikani mitengo yopingasa yomangirira maneti musanafolere. Amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 5 ndiwo ayambe kupatsidwa maneti ndi malo m'kanyumba ka malata kaja. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, nthawi yomwe inu mukucheza panja, choncho dzuwa likamalowa ana avale zazitali manja ndi miyendo ndipo adzoledwe mankhwala othamangitsa udzudzu. Kwirirani zithaphwi, zitini ndi matayala akale masabata awiri anthu asanafike. Wina akatentha thupi muli komweko, akayezetse kaye, asangomwa LA wotsala wa munthu wina.

Kutchetcha kuchitike kawiri, koyamba mu Novembala, kachiwiri masiku atatu kapena anayi anthu asanafike, chifukwa udzu wa m'dzinja umakula ngati ukuthamangitsidwa. Lambulani bwalo lonse ndi njira zopita kuchimbudzi, kubafa ndi kunyanja, mulifupi moti anthu awiri n'kudutsana. Milu ya njerwa, zitsa ndi zinyalala zichotsedwe, ndimo mobisala njoka ndi zinkhanira. Njoka imene ndimaiopa kwambiri pa misasa ndi mphiri, chifukwa sithawa ikamva mapazi, imangogona panjira. Pasapezeke wopita kuchimbudzi usiku opanda tochi ndi nsapato, ndipo m'mawa nsapato zikutumulidwe musanavale. Timagetsi ta sola tozika pansi tingapo m'njira ya kuchimbudzi n'tothandiza kwambiri. Wina akalumidwa ndi njoka, musamange mwendo ndi chingwe, musatemere, musayamwe. Muvuleni mphete ndi zibangili, mwendowo usagwedezeke, munyamuleni kupita kuchipatala. Linthumbu likalowa pamsasa usiku, phulusa lotentha lothiridwa panjira yake limalibweza, ndiye phulusa la kukhitchini musamataye.

Mphenzi ndi imene anthu amaichepetsa. Tenti, lona ndi chisakasa chopanda makoma siziteteza ku mphenzi, ndipo pansi pa mtengo wautali woima pawokha ndi poopsa koposa. Mukaona kung'anima, werengani mpaka mumve kugunda: masekondi atatu aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Mukamva bingu musanafike pa 30, onse atuluke m'madzi ndi pamchenga, ana ndi okalamba alowe m'nyumba, ena m'magalimoto atatseka mawindo, mpaka patadutsa mphindi 30 chigundireni bingu lomaliza. Munthu mmodzi apatsidwe ntchito yomvera ulosi wa nthambi yoona zanyengo pa wailesi kapena pa foni m'mawa uliwonse. Ndiponso mvula ikagwa kukazizira, wina asayerekeze kulowetsa mbaula ya makala mu tenti kapena m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha, anthu amangogona osadzukanso. Jenereta nayonso ikhale patali ndi pogona.

Kunyanja kwenikweniko, funsani asodzi malo osambira. Pewani pomwe pali bango ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja: ndi komwe kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndiponso nkhono zofalitsa likodzo. Kusasambe munthu kukada kapena mbandakucha, ndipo womwa mowa asalowe m'madzi kapena m'bwato. Ana akamasamba pakhale wamkulu mmodzi wodziwa kusambira amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, foni ili m'thumba, ndipo azisinthana pa ola. Pamene akuluakulu ali ambiri aliyense amaganiza kuti mnzake akuyang'ana, ndipo mwana akamamira safuula. Za likodzo, kumwa mankhwala tsiku lotsatira mutasamba sikuthandiza, chifukwa mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zikakula. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu mukayezetse, kapena pitani msanga mukaona magazi mu mkodzo. Madzi a m'nyanja osambira kubafa akakhala mu mgolo masiku awiri tizilombo ta likodzo timafa.

Galimoto imodzi isatsekeredwe ndi zinzake, ikhale yoloza kumsewu, ili ndi mafuta, ndipo usiku uliwonse pakhale dalaivala mmodzi amene sanalawe mowa. Yendani nokha msewu wochoka pamalopo kukafika ku chipatala chaching'ono chapafupi ndi ku chipatala cha boma ku Salima, muone pomwe pangaterere kapena kudzaza madzi. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, 929, ilembedwe pa khoma la khitchini pamodzi ndi ya mlangizi uja. Amene amamwa mankhwala a BP, shuga, mphumu kapena ma ARV abwere nawo okwanira ndi owonjezera masiku angapo, popeza mlatho ukakokoloka tchuthi chimatalika.

Pa chakudya sindichulutsa, amayi a m'banja mwanu akudziwa kuposa ine. Popanda firiji, mbuzi iphedwe m'mawa wa tsiku lodyedwa, ndipo ndi bwino kupha yaing'ono tsiku lililonse kusiyana ndi kusunga nyama pa kutentha kwa ku Salima. Mpunga wogona usapatsidwe kwa ana. Ngati muli ndi anansi kapena achibale achisilamu, pemphani mmodzi wa iwo achinje mbuziyo kuti onse adye momasuka. Chambo musachidalire kwambiri, miyezi imeneyi ndi yoswana ndipo makoka ena amakhala oletsedwa, ndiye chimasowa n'kukwera mtengo. Ana achenjezedwe kuti asazule bowa okha, chifukwa wakupha amafanana kwambiri ndi wodyedwa.

Musaiwale kuti malowo ali pakati pa anthu. A malume anu, monga mwinimbumba, akaonekere kwa amfumu ndi kangachepe m'manja, anene masiku amene mudzakhalepo ndi kuchuluka kwanu. Ngati mukufuna kukalambula kumanda a agogo, chilolezo chimachokera komweko, ndipo ana a m'tauni auzidwe kuti kumanda sikupitidwa mwachisawawa, makamaka m'midzi ya gule. Disembala ndi mwezi umene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha ndipo anthu ali kalikiliki kupalira. Magalimoto asaponde mizere ya anthu, sipika izimitsidwe pa ola limene mwagwirizana, ndipo nkhuku, nkhuni, masamba ndi mphasa gulani m'mudzi momwemo pa mtengo wabwino. Poyeza mpunga wa pa 25 onjezerani mphika wina wa ana a m'mudzi, adzabwera ndithu, ndipo n'koyenera kuti adye. Anthu amenewa ndi amene amakuonerani malowo miyezi 11 imene inu kulibe.

Inuyo musasenze zonse nokha, mutu umodzi susenza denga. Gawani ntchito ndi maina: wa madzi, wa zimbudzi, wa khitchini, wa ana kunyanja, wa odwala. Zopereka zibwere pa Airtel Money kapena Mpamba pofika kumapeto kwa Seputembala, ndipo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka muziilemba pa gulu la banja tsiku lomwelo, ndi chithunzi cha ntchito imene yagwiridwa. Achibale a kunja amapereka mosanyinyirika akamaona njerwa zikukwera. Msuweni wanu amene amakhala pamalopo alipidwe pa ntchito yoyang'anira, asangouzidwa kuti ndi wachibale. Ndalama zikachepa, tsatani ndondomeko iyi: zimbudzi, migolo ndi mankhwala a madzi, maneti, ngalande, kenako chisakasa. Ndipo ngati mlangizi wa zaumoyo atakuuzani mu Disembala kuti m'deralo mwabuka kolera, kapena a zanyengo atachenjeza za namondwe, imitsani msonkhanowo mopanda manyazi, mudzauchite pa Pasaka kapena mu Julayi. Zimene mwamangazo zidzakudikirani.

Tsiku lonyamuka, matenti ndi malona asapindidwe ali onyowa, amachita nkhungu n'kuola. Ngati dzuwa palibe, kawayanikeni ku Lilongwe tsiku lomwelo. Zinyalala zoola zikwiriridwe m'dzala, mabotolo ndi mapulasitiki mubwerere nazo. Migolo ikhuthulidwe n'kuvundikiridwa chozondoka kuti isasanduke moswanirana udzudzu, zimbudzi zithiridwe phulusa ndi kutsekedwa. Musanakwere galimoto, zungulirani malo onse ndi msuweni wanu muli ndi kope m'manja, mulembe pomwe madzi anaima, tenti imene inadontha, migolo ingati imatha pa tsiku, ndipo khomani zikhomo pomwe ngalande ikufunika kuwonjezeredwa. Kopelo likhale m'kanyumba ka malata kaja, kuti amene a malume adzamusankhe chaka chamawa adzayambire pamenepo.